Wondigunda Ndi Mkamwini Wanga

Galimoto imene inandithyola mwendo ankayendetsa ndi mkamwini wanga. Anthu akamva zimenezi amayamba aseka kaye, kenako amaona kuti ine sindikuseka nawo.

Ndinkagwira ntchito yosita pamalo ena ochapira zovala m'tauni. Ukulu wanga wonse ndauthera chiimirire kuseri kwa thebulo lositira, nthunzi ili kumaso, mpaka anzanga anandipatsa dzina loti Anansimbi. Masuti a anthu a m'maofesi, madiresi a ukwati, makatani a m'mahotela, zonse zinkadutsa m'manja mwanga. Mwamuna wanga anatisiya kalekale. Ana ndili nawo awiri. Wamkulu ndi wamwamuna, amakonza mafiriji ndipo pakamwa pake ndi ngati wailesi yosowa batani lozimitsira. Wamng'ono ndi wamkazi, anakwatiwa ndi dalaivala wa kampani ina yogulitsa mankhwala. Mkamwini wangayo ndi munthu wofatsa, woti akamakupatsa moni amayang'ana nsapato zake.

Tsiku limenelo tinaweruka masana chifukwa magetsi anazima. Ndinapita kukagula matewera ndi beseni losambitsira khanda, poti mwana wanga wamkaziyo anali woyembekezera. Katundu atandilemera ndinamuimbira foni.

"Amayi, musavutike ndi maminibasi," anatero. "Akamwini anu ali komweko, akuperekera mankhwala. Ndiwauza akutengeni. Imani pafupi ndi banki."

Ndinaima. Nditaona galimoto yoyera ya kampani yawo ikubwera chakutsidya kwa msewu, ndinati ndiwoloke, mwana wa eni ake asavutike ndi kutembenuka. Pamenepo pali mizere yoyera ija, powolokera anthu oyenda pansi. Ndinayang'ana uku ndi uku, galimoto ina inandiimira, ndipo ndinaponda pamizerepo beseni lili m'khwapa. Nditafika pakati ndinamuona bwinobwino pagalasi. Foni inali kukhutu, khosi atalipotolera kubanki. Ankandifunafuna ine. Pambuyo pake ndinamva kuti ankafunsa mkazi wake kuti ndavala chiyani.

Ndinatsitsimuka ndili kuchipatala. Mwendo wakumanja unathyoka pawiri mmunsi mwa bondo, ndipo kakolo anaphwanyika. Anandiika zitsulo, kenako chikhakha. Dokotala wake anali wosabisa mawu. Anati kuyenda ndidzayenda ndithu, ndi ndodo, koma zoima tsiku lonse ndiiwale.

"Ndiye ndizisita bwanji?" ndinafunsa.

"Mayi, thokozani kuti mwendo sitinaudule."

Kumene ndinkachita lendi kunali pamtunda, chimbudzi chili panja, chogwiritsa ntchito mabanja anayi. Sikukanatheka kubwererako. Choncho ananditengera kwa mwana wanga, nkundigoneka m'kachipinda kamene ankakonzera khanda. Kachipindako bedi likalowa, kotsala ndi kanjira koti munthu nkudutsa cham'mbali. Windo lake limayang'anizana ndi khoma la mpanda wa aneba, lapafupi moti ukhoza kulikhudza ndi ndodo. Dzuwa limalowamo kanthawi kochepa chakummawa, nkupita. Ndinaloweza mng'alu uliwonse wa khoma limenelo.

Zoti mkamwini wanga sanandisamale, ndinganame. Anakhomera chitsulo pakhoma kuti ndizigwira podzuka. Anaboola mpando wapulasitiki nkuuika kuchimbudzi. Asanapite kuntchito ankanditenthetsera madzi, nkuwasiya pakhomo, nkugogoda kawiri. Pobwera ankanditengera nthochi kapena buledi. Koma maso ake sanakumanepo ndi anga. Tinkapatsana moni ngati anthu okumana pamaliro.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera, bambo. Kaya inu kuntchito?"

"Bwinobwino."

Zinkathera pomwepo.

Kuntchito kwanga anandidikira pang'ono, kenako mnzanga wina anabwera kudzandizonda atatenga epuloni yanga ndi kapu yanga m'jumbo. Sananene kanthu za ntchito. Jumboyo inanena yokha.

Ndi mwana wanga wamwamuna amene anabweretsa loya. Anasankha nthawi yoti mlamu wake ali kuntchito ndipo mlongo wake wapita kusikelo. Loyayo anali mayi wachitsikana, wovala suti yakuda imene kolala yake wina anaiwotcha ndi nsimbi. Anakhala m'mphepete mwa bedi poti mpando sukanalowa.

"Mayi, munali pamizere kapena ayi?"

"Ndinali pakati penipeni."

"Ndiye lamulo lili mbali yanu. Woyenda pansi akakhala pamenepo, galimoto iyenera kuima. Galimotoyo ili ndi inshuwalansi, ndipo ntchito ya inshuwalansi ndi kupereka chipukuta misozi kwa munthu wovulala ngati inu. Amaona ululu umene mwamva, zakuchipatala, ndi ntchito imene yakutherani."

"Ndiye apereketu," ndinatero. "Akudikira chiyani?"

"Sangopereka. Pamafunika zioneke kuti dalaivala ndiye analakwa. Pa samani, chikalata choitanira kukhothi, timalemba kampani ya inshuwalansi, mwini galimoto, ndi dalaivalayo."

"Dalaivalayo ndi amene amanditenthetsera madzi."

"Ndamva. Ndalama sizichoka m'thumba mwake. Koma dzina lake liyenera kukhalapo."

Mwana wanga anadumphira. "Amayi, apa palibe zachibale. Akanakhala munthu wachilendo bwenzi mukuti chiyani? Mwendo wanu uli ndi mkamwini? Inu mudya chiyani mpaka kufa kwanu, ulemu?"

Ndinamuuza loyayo kuti ndiganize kaye. Iye anati ndiganize, koma ndisagone nazo, chifukwa milandu yotere ili ndi nthawi yake, ikadutsa khothi silimvanso.

Mwana wanga wamkazi anadziwa tsiku lomwelo. Aneba anamuuza kuti kunabwera mayi wasuti. Analowa m'kachipinda kanga mimba ili patsogolo, nkutseka chitseko.

"Amayi, pali zimene simukudziwa. Tsiku lija apolisi atafunsa, amuna anga ananena kuti munatulukira kuseri kwa minibasi, chakumunsi kwa mizere. Anali ndi mantha, mutu sunkagwira. Za foni sananene. Ndi chifukwa chake kuntchito anangowadzudzula basi. Mukakanena kuti munali pamizere, zioneka kuti ananama. Laisensi awalanda, ntchito ithera pomwepo. Komanso galimoto ya kampani saloledwa kunyamulira abale."

"Ndiye kuti ine ndi amene ndinagunda galimoto?"

"Sindikutero, amayi."

"Ukuti chiyani?"

Anakhala pabedi nkuyamba kulira. "Pafoni paja ndinali ine. Ndinamva kugunda kwake m'khutu mwangamu. Mukuganiza kuti ndimagona? Koma taonani mimbayi. Tikusamalani ife. Simudzasowa kanthu muno."

Ndinamusisita kumsana mpaka anatonthola. Sindinamulonjeze kanthu, komanso sindinamukanire.

Kuyambira pamenepo nyumba ija inachepa. Mwana wanga wamwamuna ankaimba foni pafupipafupi, ine ndinkayankha monong'ona, nkhope nditalozetsa kukhoma. Wamkazi akamva foni ikulira ankayamba kusesa pakhomo pa chipinda changa, pamalo poti wasesa kale. Awiriwo anasiya kuyankhulana. Wina akafuna kunena mnzake ankadzera mwa ine. "Muwauze achimwene aja kuti nyumba ino si khothi." "Mumuuze mwana wanuyo kuti mayi ndi wa tonse." Ine ndili gone, mwendo uli pamtsamiro, kothawira kulibe. Ngakhale kukwiya kumafuna miyendo, kuti umenyetse chitseko nkutuluka.

Khanda linabadwa, kamtsikana. Chikhakha anandichotsa, mwendo unatuluka wowonda ngati wa mpando. Ndinayamba kuyenda ndi ndodo ziwiri, kuchoka kuchipinda kufika pabalaza, kuchoka pabalaza kubwerera kuchipinda. Katundu wa mwana anadzaza pansi pa bedi langa ndi pamwamba pa kabati. Mayi ake akafuna thewera ankalowa nkunena kuti, "Pepani amayi, ndingotenga kanthu." Pepaniyo ndinkamumva kambirimbiri pa tsiku, mpaka ndinayamba kudziona ngati ndine katundu amene anaikidwa molakwika.

Tsiku lina mmawa onse atachoka, wina kuntchito wina kusikelo ya mwana, ndinati ndidziyese. Ndinayala bulangete pathebulo, ndinalumikiza nsimbi, ndinatenga malaya a yunifolomu a mkamwini wanga. Manja anakumbuka okha: kolala kaye, mapewa, mikono, kenako thupi. Mtima unayamba kukoma. Malaya oyamba anatha, osalala ngati pepala. Achiwiri ndili pakati, kakolo anayamba kutentha ngati mwalowa makala. Ndinati ndipirire. Mwendo unangopinda wokha. Ndinagwa chammbali, ndinakoka bulangete, nsimbi inagwera pafupi ndi nkhope yanga nkuyamba kusungunula kapeti wapulasitiki. Ndinakwawa mpaka pasoketi nkuzula chingwe. Ndodo zinali kutali. Ndinakhala pansi pomwepo, fungo la pulasitiki lili m'mphuno, mpaka mwana wanga anabwera.

"Amayi, mukufuna mutiwotchere nyumba? Ndani wakutumani?"

Nsimbiyo anakaitsekera kuchipinda kwawo. Ine, Anansimbi, kundibisira nsimbi ngati mwana wosamva.

Lamlungu lotsatira mkazi wake atapita kutchalitchi, mkamwini wanga anakhala pakhonde akusintha mphira za kunsi kwa ndodo zanga. Ndinadzikoka mpaka pakhomo nkukhala pampando.

"Bambo, ndikufunseni. Tsiku lija ndinali pati?"

Anasiya kukhoma. "Munali pamizere, amayi."

"Nanga apolisi munawauza chiyani?"

Ankangotembenuza ndodo ija m'manja.

"Sindikukuzengani mlandu. Ndikufuna mundiuze chochita. Ndikakhala chete, ndifera m'kachipinda ka mwana wanu. Ndikayankhula, mwana wanuyo adya chiyani?"

"Ine sindingakuuzeni, amayi," anatero pansipansi. "Ndikati musapite, ndiye kuti ndakugundani kawiri. Ndikati pitani, mkazi wanga ndimuyang'ana bwanji? Chimene mungachite, ine sindidzakutsutsani."

Ndinkafuna andikalipire, kapena andigwadire. Zikanandiphwekera. Koma anangomaliza kukhoma mphira zija, nkuyesa ndodozo pansi, nkundipatsira ndi manja awiri.

Mawa lake ndinamuimbira loya uja.

Samani itafika kuntchito kwa mkamwini wanga, anamuimitsa kaye kuti afufuze. Mwana wanga wamkazi anasiya kundiyang'ana. Chakudya ankabweretsa ndithu, nthawi yake, chotentha, koma ankachiika pakabati nkunena kuti, "Icho." Mwana wakhanda akalira, ine nkutambasula manja, ankamunyamula nkupita naye panja.

Mlandu unachedwa. Ankati woweruza wadwala, ankati loya wa inshuwalansi wapempha tsiku lina, ankati ndikapimidwenso kwa dokotala wawo. Dokotala wawoyo anandipinda mwendo uku ndi uku ngati akugula nkhuku, nkundifunsa ngati sindinkatsimphina kale ngozi isanachitike.

Tsiku la mlandu litakwana, mwana wanga wamwamuna, mwini nkhani yense uja, anaimba kuti firiji ya pabutchala ina yafa, nyama iwola, atipeza komweko. Wamkazi anati sangapite ndi khanda kumalo otero. Tinatsala awiri, wodandaula ndi wodandaulidwa. Mkamwini wanga anaitana takisi, anandikweza kutsogolo, iye anakhala kumbuyo atagwira ndodo zanga.

Chipinda cha mlandu wathu chinali pamwamba, ndipo chikepe chinali chakufa. Mlonda anati chinafa kale, akudikira zipangizo. Ndinayesa masitepe. Ndinakwera ochepa chabe, thukuta lili kamukamu, anthu adzaza kumbuyo kwanga akudikira. Loya wanga anatsika akuthamanga, nkunena kuti dzina lathu laitanidwa kale, tikachedwa atipatsa tsiku lina lakutali.

Mkamwini wanga anapereka ndodo zija kwa loyayo. Anaima sitepe imodzi patsogolo panga, nkunjuta, msana atandilozetsa.

"Kwerani, amayi."

"Bambo, anthu akuona."

"Aone. Kwerani."

Chibadwire sindinaganizepo kuti ndingadzaberekedwe ndi mwamuna wa mwana wanga. Ndinamugwira m'mapewa. Anali atavala malaya oyera amene anasita yekha, mizere iwiri pamkono umodzi. Ndinkamva mtima wake ukugunda kumsana. Pokhota masitepe anapumira, nkundikweza bwino, nkupitiriza. Titafika pakhomo, kalaliki wa khothi anati, "Mwachita bwino achimwene, akhazikeni apa mayi anuwo. Inu mukhale kumbuyo ndi abale. Nanga dalaivala uja sanabwere?"

"Ndine ndemwe," anatero mkamwini wanga, akupuma mwawefuwefu.

Kalalikiyo anatiyang'ana, anayang'ana pepala lake, nkutiyang'ananso.

Ndinalumbira, nkufotokoza zonse monga zinachitikira. Loya wa inshuwalansi anali bambo wamawu okoma. Anandifunsa ngati maso anga amaona bwino, ngati beseni silinanditchinge, ngati sindinathamange posangalala kuti ndaona galimoto ya mkamwini. Kenako anati, "Mayi, si zoona kodi kuti inu ndi mkamwini wanuyu mwagwirizana kunyumba kuti mudyere limodzi ndalama za kampani yathu? Tonse taona mmene mwalowera muno."

"Bwana, tikanakhala ogwirizana, bwenzi mwana wanga akundiyankhula. Pitani mukaone mmene timadyera kunyumbako."

Woweruza anati ndiyankhe funso lokha. Ndinati ayi, sitinagwirizane.

Loya wanga anaimirira. "Dalaivala ankayang'ana kuti?"

"Kubanki. Ankandifunafuna ine."

"M'manja mwake munali chiyani?"

Ndinayang'ana kumene anakhala mkamwini wanga. Kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi, maso ake anali pa ine. Sanagwedeze mutu, sanandipatse chizindikiro chilichonse. Ankangondiyang'ana.

"Foni," ndinatero.

Nthawi yake itafika, anaimirira nkunena kuti zonse zimene ndanena ndi zoona, ndipo zimene anauza apolisi zinali zamantha. Loya wa inshuwalansi anatseka faelo yake mwaukali. Titatuluka, mkamwini wanga ananjutanso pamwamba pa masitepe, ndipo tinatsika mmene tinakwerera. Mwana wanga wamwamuna tinamupeza pansi akufika kumene, manja ali mafuta okhaokha, akufunsa kuti, "Zayenda? Tawina?"

Woweruza anagamula kuti wolakwa anali dalaivala. Ntchito inamuthera, apolisi anamulipiritsa chindapusa, laisensi anamulanda kwa kanthawi. Mwana wanga wamkazi anakalowa ntchito pasitolo ina yogulitsa nsapato. M'nyumba tinkatsala atatu: ine, mkamwini wanga, ndi khanda. Iye ankachapa matewera ndi kuphika, ine ndinkanyamula mwana pamiyendo nkumamuimbira. Masana tinkamwa tiyi pabalaza, wina uku wina uko, wailesi ikutiyankhulira. Ndalama zinali zisanabwere. A inshuwalansi ankakanganabe ndi loya wanga za kuchuluka kwake, ndipo ndikaimba foni yankho linali lakuti, "Sabata yamawa, mayi." Lendi ya nyumba inayamba kuvuta. Nyama inasowa m'mbale. Palibe ananena kuti ndi chifukwa cha ine, koma supuni zinkagunda mbale mwamphamvu.

Chipukuta misozicho chinafika mdzukulu wanga atayamba kuyenda. Loya anachotsapo gawo lake. Mwana wanga wamwamuna anabwera madzulo omwewo ndi mapulani a shopu ya zipangizo za mafiriji, akuti ine ndidzangokhala pakauntala ngati bwana. Ndinamuuza kuti bwana akumva mutu, abwere tsiku lina. Ndinathandizapo za lendi pakhomopo, ndipo mwana wanga wamkazi anati, "Zikomo amayi," mawu ake oyamba opitirira limodzi. Mkamwini wanga anakana kulandira kalikonse m'manja mwake. Iye anali atapeza ntchito yonyamula katundu kumalo osungira simenti, kutali, yochoka mmamawa nkubwera dzuwa litalowa.

Ine maso anga anali pa chinthu chimodzi. Mnzanga wakuntchito uja anandipezera chipinda kufupi ndi kwawo, chapansi, chimbudzi chamkati, windo loyang'ana kumsewu. Anati anthu a kumeneko amasowa wowasitira, ndipo thebulo tikhoza kulidula miyendo kuti ndizisita chokhala. Ndinapita kukachiona pa takisi. Ndinaima pawindo lija nthawi yaitali, ndikuonera anthu akudutsa.

Loweruka masana ndinamuuza mwana wanga wamkazi. Anali atakhala pansi m'kachipinda kanga akupinda zovala za mwana, nsapato zakuntchito atavula, mapazi atatupa.

"Ndapeza nyumba. Ndikufuna ndisamuke kutha kwa mwezi, mwanayu apeze chipinda chake."

Anapitiriza kupinda. Kenako anaika kadiresi pamwendo nkukasalaza ndi dzanja.

"Ndi zabwino, amayi," anatero. "Nanga mwanayu azitsala ndi ndani? Bambo ake amachoka kusanache. Ine ndikajomba tsiku limodzi andichotsa. Wantchito sitingamukwanitse panopa."

Sanandiyang'ane mwaukali. Anangofunsa, ngati munthu wotopa amene akufunadi yankho. Mdzukulu wanga anali atagwira ndodo yanga imodzi akuikoka pansi, akuseka yekha.

Ndinati ndiganize kaye. Lolemba ndinamuimbira mnzanga uja kuti awauze eni nyumba asandidikire.